Maganizo a achimwene

Lachitatu, mwezi wa Juni, 1994, Senga Bay

Lero mtima wanga sunakhale m'malo. Mwera wawomba kuyambira m'mawa, mabwato sanalowe m'madzi, usipa woti n'kuyanika panalibe. Ndiye ndinaperekeza achimwene kuchipatala.

Chitulukireni kundende chaka chatha, sagona tulo, chakudya amangotola, ndipo galimoto ikaima pamsewu amathawira kuseri kwa nyumba. Amayi akuti ndi misala, ena akuti anawalodza.

Adokotala powafunsa, iwo anangoti zyoli. Kenaka adokotalawo ananditengera pambali. "Chemwali, iyi si misala. Pachizungu amati tirawuma, ndiye kuti bala la mumtima lotsala zoopsa zitadutsa. Thupi linatuluka kundende, koma mantha sanatuluke. Kukana chakudyako ndi kukhala duu ndi dipulesheni. Ife timangoti matenda a maganizo."

Ndinapempha jakisoni. Anati mankhwala ake enieni ndi kulankhula, achimwene azitulutsa zakukhosi.

Tili m'minibasi ndinawafotokozera zonse. Anaseka, koyamba chibwerereni, koma kuseka kwake kunandiopsa.

"Maganizo? Si omwewo anandimangitsa? Ndinangonena maganizo anga pagolosale. Lero akuti ndilankhule kuti ndichire?"

Pawailesi tsiku ndi tsiku akuti aliyense tsopano ali ndi ufulu wonena maganizo ake. Achimwene ali pakhonde pano, maso ali kumsewu. Mawa ndiyesa kuwafunsa zakundende zija. Koma ndiyamba bwanji, poti inenso ndikafuna kutchula amene anadzawatenga aja, ndimayamba ndasuzumira kaye panja, kenaka...