Chitenje cha pa mphika wa nkhuku

Lolemba, 11 Meyi

Loweruka ndi chilanga mulilo cha Gloria wanga, mwambo wokapereka zakudya kwa mkamwini ukwati usanachitike. Zakudya zipita ku Chawama, kwa makolo a Moven, mkamwiniyo. Ndakondwa, mnyamatayo ndi waulemu.

Ondidetsa nkhawa ndi amuna anga, a Chalwe. Chimvereni pa wailesi kuti chipani chawo chikufuna kukweza msonkho wa mipando yochokera kunja, akupala matabwa uku akuimba mluzu. "Manje ise ba kapenta ba mu Kalingalinga tizadya!" Aiwala kuti a Kabwe, bambo a Moven, amadyera mipando yomweyo, yokatenga kumalire ku Nakonde. Ndipo a Kabwewo ndi a chipani chotsutsa, kapu ndi malaya omwe.

Lachitatu, 13 Meyi

Awiriwa akanganirana pa foni. A Kabwe akuti msonkhowo upha amalonda ndi njala, athuwa akuti mipando yakunja ndi makatoni opaka polishi. Gloria walira. "Mami, bakayambana, Moven akamba tiimike vonse."

Ndawauza a Chalwe kuti ndale zawo azisiye mu shedi mpaka mwana akwatiwe.

Lachisanu, 15 Meyi

Chikanda chapsa bwino. Msana wanga ayi. Zitenje zomangira miphika zaperewera, mlamu wanga Namukolo akuti apeza.

Loweruka, 16 Meyi

Namukolo, Namukolo! Ine ndinatsala ndi Gloria, zonse ndaonera pa vidiyo. Mphika wa nkhuku, weniweni wa mkamwini, anaumanga ndi chitenje cha chipani cha a Chalwe, cholandira ku msonkhano. Akuti chinali chatsopano, nanga akanatani? Anautula pamaso pa a Kabwe. Ng'oma zinaleka.

A Kabwe anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka: "Nkuku ilibe chipani. Masulani, mwana ali na njala."

Nthungululu! Moven anadya mpaka kunyambita zala.

Lamulungu, 17 Meyi

A Kabwe abweza miphika okha, ndi taxi. Aimanga ndi chitenje cha chipani chawo, nkhope ya mtsogoleri pamwamba penipeni. A Chalwe anangoti kukamwa yasa. Ine ndinathawira kukhitchini kukaseka.

Panopa ali mu shedi, za msonkho zayambiranso, mawu akumveka mpaka kumsewu. Ndasuzumira. A Chalwe akucheka thabwa la bedi la Gloria ndi Moven, a Kabwe awagwirira mbali inayo.

"Gwilani bwino, ba opozishoni, lizapendama!"

Ndatereka tiyi wa anthu awiri.