Matayala a Mkamwini Wanu

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Kodi mwendo uja unasiya kuwawa?

Ine kuno ku Wolverhampton, kutsidya kwa nyanja, ndilipo, koma ndanyansidwa, ndipo musadabwe mukaona cholembera chikuboola pepala. Komabe ndiyambe ndi zabwino, paja munkati mlendo salonjeredwa ndi madandaulo.

Pakati paja ndinabwera napo pamaliro anu, ndinachira bwino mu Novembala. Ndi mwana wamkazi, ndipo tinamutcha Elube, dzina lanu. Anamwino a kuno linawakanika, akungomuti Rube, ine ndimangowayang'ana. Chipumi ndi chanu, ndipo akakwiya amakweza nsidze imodzi monga munkachitira tikabwera mochedwa kuchokera kuchigayo. Mkulu wake, Tadala, wagweruka mano akutsogolo. Chichewa amamva chonse, koma ukamufunsa amayankha m'Chizungu ngati kalaliki wa kwa DC. Achimwene a Fanuwelo analemba kuti kachewere wachita bwino chaka chino ku Lizulu, komanso mbuzi yanu yamawanga ija inaswa awiri. Ine kuno mpiru wanga wa kuseri kwa nyumba anayamba kudya ndi nkhono, wotsalawo chisanu chinawaula. Ndiwo tikungogula.

Tsono ndikuuzeni za mkamwini wanu, bambo a Tadala, ndi galimoto yawo.

Mukuikumbukira, yofiira ija ya zitseko ziwiri, ya ku Jeremani, imene tinakutumizirani chithunzi chake iwo ataima pambali dzanja lili padenga. Munachionetsa kwa amayi onse a kutchalitchi mpaka chinada m'mbali. Iwo analemba kuti chaka chamawa tibwera nayo pa sitima yapamadzi, adzakunyamuleni kupita nanu ku Dedza m'kuphethira kwa diso. Inu munakhulupirira. Munaitana anyamata adule mtengo wa pichesi wa polowera uja, amene munabzala ine ndikubadwa, chifukwa galimoto sikanadutsa. Munasalaza ndi pabwalo pomwe.

Chaka chamawacho chinafika, iwo akuti tidikire amalize maphunziro. Atamaliza, akuti kwathu kuli chilala. Chilala chitatha, tidikire matipate. Matipate atabwera, akuti kwacha yagwa, tione kaye mmene zinthu zikhalire. Inu munapita mukudikira. Titachoka kumanda ndinakhala pa chitsa cha pichesi uja, ndipo mayi wina anandifunsa mwaulemu wake ngati galimoto ija ndaisiya ku Lilongwe. Ndinangoti eya.

Kuti mumvetse chimene chandinyansa, ndikuuzeni za matayala. Kuno tayala si tayala chabe ngati kwathu, kumene limayenda mpaka mawaya aoneke, kenako n'kulisandutsa nkhwayira ndi linya. Kuno alipo a mitundu itatu. A chilimwe ndi otambalala, mizere yake ndi yochepa, ndipo pamsewu wotentha amagwira zedi, galimoto n'kumakhota ili pa liwiro osaterereka. Koma kukazizira mphira yake imauma gwa ngati sopo wokhalitsa. A chisanu mphira yake ndi yofewa, ali ndi timing'alu tambirimbiri toluma chipale, chija chimagwa kumwamba choyera ngati ufa n'kuuma pamsewu. Ndiye pali a nyengo zonse, apakatikati, amene sapambana m'chilimwe, sapambananso m'chisanu, koma amakufikitsa. Galimoto yathuyi mphamvu yake yonse imapita ku matayala akumbuyo, pomwe kumbuyoko n'kopepuka, ndiye pakaterera imagwedeza mchira.

Zonsezi sindinaziwerenge m'buku ayi. Ndinazimva kwa mkamwini wanu yemweyo. Paja ndi injiniya pa fakitale ya zitsulo ku Oldbury, ndipo za mphira amazidziwa kuposa za ana awo. Lamulungu timakapemphera ndi anzathu a kwathu ndi a ku Zambia m'nyumba ina ku Small Heath. Tikangoti ameni, azibambo amatuluka n'kuzungulira galimotoyo manja ali m'matumba, iwo n'kumawaphunzitsa. Amawauza kuti galimoto yaliwiro ngati iyi m'chisanu imafuna matayala a chisanu basi, ena onse ndi masewera. Tsiku lina mnyamata wina wa ku Thyolo, amene akuphunzira za udokotala, anawafunsa kuti nanga bwanji yawoyo ili pa matayala a chilimwe mu Januwale. Ndinamva ndekha pa zenera akuyankha.

"Ma winter tyres ndi a anthu amene asankha ku-settle kuno, ase. Ife tikupita. Pa Lizulu snow unaionapo?"

Onse anaseka. Ine sindinaseke, chifukwa yankho limenelo ndi limene limalamulira m'nyumba mwathu. Makatani okhuthala sitigula, tikupita. Khoma la kukhitchini likuchita nkhungu, tisalipente, tikupita. Kachipinda kakang'ono kadzaza ndi katundu wodikira sitima: filiji, mipando idakali m'mapulasitiki, ndi makina osokera aja tinakugulirani inu, amene simunawaone ngakhale katoni yake. Elube anabadwa wopanda poika bedi lake, ankagona m'dengu pambali pa bedi lathu. Nditanena za matayala, anandiuza kuti galimoto imayendetsedwa ndi mutu, osati mphira.

Mu Febuluwale munagwa chipale chambiri, chinasungunuka pang'ono, kenako chinaumanso. Lamulungu la sabata imeneyo ndi limene anzathu opemphera nawo anakonza kuti amupempherere Elube koyamba pamaso pa anthu. Ndinati tikwere basi, kapena tiwaimbire foni kuti tidzabwera sabata yamawa. Iwo anati mwana wawo sangapite kokadalitsidwa pa basi ngati katundu, anthu aziti chiyani. Tinakwera, ine kumbuyo ndi ana, Tadala atavala diresi lake loyera, Elube atamangidwa m'kampando kake.

M'misewu ikuluikulu munali mutathiridwa mchere, tinayenda bwino, iwo n'kumaimba ndi mluzu womwe kuti ndimve. Titafika ku Oldbury anati tidutse njira yachidule imene amadziwa, kamsewu kotsetsereka pakati pa nyumba. Mmenemo munalibe mchere. Sankathamanga, Amayi, ndisawanamizire, njinga yonyamula makala ikanatipitirira. Anangoponda buleki pang'ono, galimoto n'kuyamba kutembenuka yokha. Ndinaona nyumba zikudutsa kutsogolo kwathu, kenako tinayang'ana kumene tachokera, tikutsetsereka chambuyo, iwo akupotoza chiwongolero uku ndi uku ngati akupukusa chimanga. Tinakagunda m'mphepete mwa msewu ndi mtengo wa magetsi.

Tadala anamenyetsa pakamwa pa mpando wakutsogolo, magazi n'kuyenderera pa diresi lija. Koma Elube anangoti zii. Ndinavundukula kabulangete kake ndikuitana dzina lanu, sindikudziwa ngati ndinkaitana iye kapena inu. Anatsegula maso, anakweza nsidze ija, kenako analira. Chibadwire changa sindinakondwerepo ndi kulira kwa mwana ngati tsiku limenelo.

Tsono mverani. Galimoto ya zitseko ziwiri, wakumbuyo satuluka mpaka wakutsogolo atapinda mpando. Bambo a Tadala anatuluka, ine n'kumaganiza kuti akuzungulira kudzatitsegulira. Anapita kumbuyo. Ndinawaona pagalasi atanyonyomala pa chipale, akusisita ndi chala limu ya tayala, chitsulo chonyezimira chija, kuona pamene yakalika. Ife tili m'kati, mwana akulavula magazi m'dzanja langa. Tadala anawaonanso, ndipo anandifunsa pakamwa pali potupa, "Mummy, is Daddy's car hurt?"

Amayi, ndinanyansidwa. Si mantha, mantha anali atadutsa. Munthu amene munamupatsa nkhuku yoyera tsiku la chinkhoswe, amene ndinamutsatira mpaka kuno, anayamba wafunsa chitsulo kuti chili bwanji.

Amene anatitsegulira ndi gogo wina wachizungu, anatuluka m'nyumba mwake atavala masilipasi. Anatilowetsa, anapukuta Tadala ndi thonje, anatipatsa tiyi. Sanafunse kanthu, ndipo kusafunsako ndi kumene kunandichititsa manyazi kwambiri. Mlomo wa mwana unang'ambika m'kati mokha, sunafunike kusoka. Ndinabwerera kunyumba ku Whitmore Reans, dera lathu la mu Wolverhampton, pa basi ndi ana anga, iwo anatsala ndi wodwala wawo.

Sabata imeneyo ndinakhala ndikuganiza chochita. Ndinkapita kuntchito kuchipatala, kuyeza magazi a anthu, mutu uli pa matayala. Amake Mutale, mayi wa ku Zambia amene timapemphera kwawo, anandiimbira foni n'kundilangiza kuti ndingowanyengerera agule a nyengo zonse, popeza chipale kuno sichikhalitsa, masiku ambiri imangokhala mvula ndi mphepo. Anati amenewo amalowa pa malimu onyezimira omwewo, munthu sangadziwe kuti asintha, ndiye mlamu sachita manyazi. Anali ndi mfundo, ndipo galimoto ikanakhala wamba ndikanavomera. Koma ndinakumbukira phunziro la eni ake lija, loti pa galimoto iyi ena onse ndi masewera. Ndinakumbukiranso inu, tsiku lija achimwene ankafuna kulima ku Lizulu uku akugwira ntchito ku Balaka, munawauza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Ife takhala pakatikati zaka zonsezi, ndipo amene wavumbwa ndi Tadala.

Ndinapita kogulitsa matayala konkuno ku Wolverhampton n'kunena kuti ndikufuna a chisanu. Analibe, akuti kuno ogula ndi ochepa, ndiye anachita kuitanitsa kunja. Atafika, ndinadikira tsiku limene misewu inasungunuka. Bambo a Tadala anali akupita kuntchito ndi mnzawo, poti sankafuna anthu aone pokalika paja. Ndinatenga makiyi pamsomali, ndinamangirira Elube m'kampando, ndinaiyendetsa pang'onopang'ono mpaka kumeneko. Matayala a chisanu ndi ocheperako m'lifupi, ndipo anawaika pa malimu achitsulo akuda. Galimoto inatuluka ikuoneka ngati mkwatibwi wovala majombo. Pobwerera ndinaponda buleki dala pamalo ponyowa, inaima pomwepo.

Ndisanatope ndinalowanso m'kachipinda kaja. Ndinatulutsa makatoni, ndinaikamo bedi la mwana. Makina anu osokera ndinawatsegula, ali pathebulo, ndayamba kusoka makatani. Mundikhululukire, mzere wanga ukukhotabe monga kale.

Madzulo atabwera anaima mumsewu nthawi yaitali akuyang'ana galimoto. Matayala awo a chilimwe anali ataunjikidwa pakhomo. Atalowa sanavule ndi jekete lomwe.

"Amake Tadala, mukudziwa chimene mwachita? Mwalengeza kwa aliyense kuti sitikupita."

Ndinawayankha ndili chikhalire pa makina. "Amayi anadula pichesi, anadikira, tinawaika m'manda. Mukufuna ndiike ndaninso kuti muvomere kuti tili kuno?"

Ananyamula matayala aja limodzilimodzi kukwera nawo m'mwamba, anakapeza m'kachipinda muja Elube ali m'tulo, anatsika nawonso. Tsopano ali m'kashedi ka kuseri, ndipo awafunditsa bulangete labwino lija munatipatsa paukwati, kuopa kuti angazizidwe. Ndaliona, ndangolisiya, chifukwa ndikalankhula ndinena zoti sizibwezeka.

Mpaka lero sanapepese, kwa ine kapena kwa mwana. Koma matayala akudawo sanawachotse. Lamulungu lapitali tinapita nawo ku Small Heath, Elube anapemphereredwa, ndipo titati ameni mkamwini wanu sanatuluke panja. Anakhala pampando akumwa tiyi ngati mlendo. Ndinawamvera chisoni pang'ono, chifukwa ndikudziwa kuti nawonso kwawo amakufuna, ndipo galimoto ija ndi imene inkawauza kuti adakali paulendo. Koma ndikangokumbukira chala chija chikusisita limu, chisonicho chimathawa.

Ndiye Amayi, ndalemba kuti ndikuuzeni zoona, popeza pa chitsa paja ndinanama. Galimoto ija siili ku Lilongwe, ndipo pakhomo panu siidzafika. Lekani kutchera khutu kumsewu, mupume.

Mu Ogasiti ndikubwera ndi ana onse awiri, kaya bambo awo atsagana nafe kaya ayi. Tidzakwera minibasi ngati anthu ena onse, tidzatsika pamsika, ndidzagula mbande ya pichesi. Ndidzaibzala pambali pa chitsa chija, pakati penipeni polowera, Tadala adzathirire. Pakhomo panu pazidutsa anthu oyenda pansi basi.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ulendo uno sindikunena za chaka chamawa.

Ndine mwana wanu,
Edina