Diski ya Seva ya ku Fakitale

Bambo a Tione,

Tangoganizani, diski ya seva yatsopano ya ku fakitale yapita kuti?

Magetsi anathima m'mawa uno, ndipo atayakanso seva, kompyuta yaikulu ya pafakitale ija, yakana kudzuka. Poiika sabata yatha ndinalemba mu fayilo yake ya malangizo yotchedwa fstab kuti ikamayaka izilumikiza yokha diski yakunja ija pa foda ya /sikelo, momwe mumasungidwa zonse za kuyeza masamba. Yaifunafuna diskiyo osaipeza, basi yangoima. Ndingathe kuiuza kuti idumphe mzere umenewo, koma fodayo idzatseguka yopanda kanthu. Mathirakitala afola pageti, masamba a tiyi akupsa ndi dzuwa, ndipo a manejala akunena poyera kuti ntchito ya makompyuta anaipereka kwa munthu wolakwika. Inu mukudziwa bwino kuti ndikadali pa nthawi yoyesedwa.

Foni yanu ndi yothima, monga mwa masiku onse. Mukangofika kuchokera ku Masambanjati musakhale pansi n'komwe. Kwerani kabaza mubwere nayo diskiyo ku fakitale. Kompyuta iliyonse ikakufunsani ngati iifufute, chonde musavomere. Tione ndamusiya kwa aneba athu a Magdalena. Pepani, ndiwo sindinaphike, koma lero musayerekeze kudandaula.

Alonda andiuza zonse. Dzulo mutabwera kudzanditenga munaona kabokosi kakuda kumbuyo kwa seva, n'kunena kuti, "Aka kakungokhala." Diskiyo ili m'chikwama chanu. Munaizula kuti mukakoperemo nyimbo za kwaya.

Tikondane