Njovu Zimene Mng'ono Wanu Sanazione

Okondedwa alamu anga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi abambo kunyumbako. Nanga bondo lija likukulolani kuyenda? Ife kuno tikudzuka, koma ndikati tili bwino ndinama, ndipo inu mumandigwira bodza ndisanatseke n'pakamwa pomwe.

Mukudziwa kuti ulendo uno anatikonzera ndi mwana wathu wamkazi, akuti makolo ake akaoneko dziko lina miyendo isanakane. Ine ndinadzitukumula ngati finye. Zaka makumi atatu ine ndili pa chiwongolero cha lole, mng'ono wanu ali pa makina osokera, sitinayendepo awiri kupatula kumaliro ndi kuukwati.

Sabata yoyamba anatitengera kunkhalango yosungirako nyama, pa galimoto yopanda denga. Wotiperekeza akaloza, ine ndinkamugwira mng'ono wanu paphewa kuti taona uko. Iye ankangoti waona. Njovu waona, mbidzi waona. Ngakhale kambuku amene anabisala mumtengo, amene ine ndinamufunafuna mpaka maso kutuluka misozi, iye anati wamuona kalekale.

Ndinamutama pamaso pa alendo anzathu kuti maso a telala si masewera, amalowetsa ulusi pasingano ngakhale magetsi atazima. Anthu anaseka, nayenso anaseka. Alamu, pakamwa pangapa!

Sabata yachiwiri tinabwera mumzinda muno. Mvula yake ya mvumbi, yosakata, m'mawa mpaka madzulo. Tinakwera basi ya alendo, ija imazungulira kukuonetsani nyumba zakale ndi milatho. Mazenera onse anali otseka, ndipo magalasi anachita nthunzi kuti mbuu, moti ine sindinkaona ngakhale galimoto yoyandikana nafe.

Wolongosola malo anati kumanzere kuli tchalitchi chachitali cha miyala. Ndisanapukute n'komwe galasi, mng'ono wanu anati koma ndiye n'chokongola, taonani kutalika kwake. Ndinayang'ana galasi lija, loyera ngati khoma. Ndinayang'ana iye, akumwetulira nthunzi.

Titafika kuchipinda ndinamufunsa modekha ngati maso akumuvuta. Anakana kawiri, kachitatu anakhala pabedi n'kuvomera. Akuti diso lamanzere linazima chaka chatha, lamanja akuona ngati akusuzumira pabowo la kiyi, nalonso bowolo likunka lichepa. Madiresi wakhala akusoka mopapasa, ulusi akumulowetsera ndi mnzake wa shopu yoyandikana.

Ine mwamuna wake, wogona naye chipinda chimodzi, osadziwa kanthu. Akagwetsa kapu ndinkamunyoza kuti ukalamba wamuyambira m'manja.

Ndinamufunsa chimene anabisira. Anati mwana anavutika kukonza ulendowu, ine ndinali wokondwa ngati mwana wopatsidwa nsapato zatsopano, ndiye akanayambira pati? Akuti kunkhalango kuja anamva fungo la njovu ndi kuthyoka kwa nthambi, zinazo ankazionera m'mawu anga.

Dzulo tinapita kwa dokotala wa maso. Anamuunika nthawi yaitali, kenaka anakankhira makina ake pambali. Anati mitsempha yakufa sidzuka. Mankhwala angochedwetsa kuzima kwa diso lotsalalo, mwina chaka, mwina osafika. Anati tikanabwera zaka ziwiri zapitazo bwenzi tikukamba zina.

Madzi akatayika saoleka, alamu. Ndinatuluka n'kuima pamvula, ambulera ili m'manja yosatambasula. Ndikuopa, ndipo ndikudzida. Makina ake aja adzakhala chete, ndipo mng'ono wanu wopanda makina ine sindimudziwa. Ndayesa kupemphera, koma zikukanika.

Mng'ono wanuyo wandiletsa kuuza ana. Inu sanakutchuleni, ndiye ndapezerapo mpata. Munamulera ndinu, simungamve kwa anthu.

Tibwera kumapeto kwa mwezi, ndipo ndili ndi zopempha ziwiri. Ndikukudziwani, panopa mwayamba kale kusesa ndi kukonza m'nyumba mwathu kuti mutilandire. Sesani, koma chonde musasunthe kanthu, ngakhale kampando ka pakhonde. Ndazindikira tsopano kuti m'nyumbamo amayenda moloweza.

Chachiwiri n'cha kubwalo la ndege. Musatikupizire dzanja patali monga mumachitira. Adzakudutsani osakuonani, kenaka adzadziwa kuti wadutsa mkulu wake, ndipo zimenezo zidzamuswa mtima kuposa mawu a dokotala. Bwerani pafupi, mumuitane ndi dzina lake la paubwana, ayambe wamva mawu anu. Kulira mukalirire kwanu.

Mundiperekere moni kwa abambo, kwa ana ndi kwa adzukulu onse. Mulungu akusungeni, ndipo mutipemphererepo inu amene mukadali ndi mphamvu.

Ndine mlamu wanu,
Dalaivala uja