Namanzere Wawongoka

Lolemba, 8 Juni 1998

Chiperoni kuyambira m'mawa. Minda ya tiyi yonse mbuu, fakitale yosaoneka. Mawondo kuwawa.

Kope ili andipatsa amake Lestina. Akuti m'malo molankhula ndekha pakhonde ngati wozungulira mutu, ndizilankhula ndi pepala. Zilembo ndinaphunzira mochedwa, kusukulu ya kwacha, imvi zili kale m'mutu. Ndizilemba pang'onopang'ono. Palibe wondithamangitsa.

Lero manejala watsopano, a Cuthbert, anandiitanitsa ku ofesi. Munthu wakumpoto, msinkhu wa mwana wanga Lestina, waulemu ndithu. Akuti ndibwere ndi Namanzere amuone.

Namanzere ndi mfuti yam'manja ya esiteti, volovolo yakalekale imene anasiya mzungu wina. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ali m'chiuno mwangamu. Galu wachiwewe akalowa kumalaini a nyumba za antchito, ng'ombe ikathyoka mwendo, anthu amathamangira kwa Namakhwa, ine. Dzina loti Namanzere n'lakhalidwe lake. Ukaloza pamphumi, chipolopolo chimapita kumanzere, chikhatho chimodzi. Alonda onse anamuyesa, onse anamulephera. Ine ndinamuphunzira. Ndimaloza kumanja, pamene palibe kanthu, galu n'kugwa.

Zaka zopumira ntchito ndinadutsa kale. Mamanejala atatu anandisunga chifukwa cha chimenechi basi. Ndi nyumba yomwe ino.

Lachitatu, 10 Juni

A Cuthbert ali ndi buku lazithunzi la ku Joni, mfuti zokhazokha. Anamuyang'ana Namanzere kudzuwa nthawi yaitali. "Madala, mfutiyi ikudwala pakhosi, koma mankhwala ake alipo," anatero.

Akuti m'kati mwa mpope muli dzimbiri ndi malo ena opanikiza. Mankhwala ake: kupaka zipolopolo phala lokhulira zitsulo, ngati lija amagwiritsa kugalaja, n'kumawombera. Chipolopolo chimadzikhulira chokha njira yake mpaka m'kati kusalala. Ndinaseka. Kuchiza mfuti poyidyetsa mchenga!

Akuti ntchitoyi ndiigwire ine, poti manja osamala ngati angawa pa esiteti pano palibe. Ndinathokoza. Ndinatuluka chifuwa chili patsogolo.

Kunyumba ndafotokozera amake Lestina, ali mkati mophika kalongonda. Sanatembenuke n'komwe. "Nanga akawongoka, inuyo mudzakhala a chiyani?" Ndawakalipira. Ndati za mfuti azisiye. Kalongonda sindinamumve kukoma.

Loweruka, 13 Juni

Tsiku loyamba. Kudzenje lija amakumbako miyala ya mumsewu, kuseri kwa mabulugamu.

Phala anandipatsa a Malizani akugalaja, m'kachitini ka polishi. Anzanga akale, tinayambira limodzi kuthyola tiyi tili anyamata. "Mukamaliza mudzandipakeko nane m'mawondomu, alamu, mwina ndingawongoke." Nthabwala sizimawathera a Malizani.

Ntchito yake yofuna mtima. Kupaka, kuwombera m'chiunda cha dothi, kupukuta, kuyang'ana. Kuyambanso. A Cuthbert anakhala pang'ono, mwala unawawawa, anapita. Ine ndekha mpaka belu la nkhomaliro. Makutu ali ngwii mpaka pano.

Azimayi odulira tiyi kumtunda anaima kumandionerera. Mmodzi anakuwa kuti agogo mwayamba nkhondo ndi chulu kodi.

Lachiwiri, 16 Juni

Ndilembe chimene chinandifikira lero, poti pepala silikauza munthu.

Ndili kudzenje ndinatapa mchenga wokhakhala, wa timiyala, dzanja limodzi. Kuusakaniza m'phalamo, kuwombera kangapo, Namanzere akanaonongekeratu. Ndikanati buku la ku Joni lanama. Kapena kungopaka mwachinyengo, osakhula kanthu, akhale wokhota mmene analili. Ndani akanadziwa?

Ndinaugwira mchengawo mpaka unafunda m'manja.

Malemu bambo anga anabwera kuchokera kwa Apwitikizi wapansi, ine ndili kumsana kwa mayi. Analima tiyi ameneyu mpaka kufa. Agona kumanda a esiteti, kumunsi kwa damu. Munda sanasiye, mudzi sanasiye. Anandisiyira mawu okha: "Ukaononga ntchito mwadala, mwini wake adzaiwala, koma manja ako sadzaiwala."

Ndinautaya. Ndinapukuta dzanja pathalauza. Ndinapitiriza bwinobwino.

Amake Lestina iwo anabadwira kumalaini konkuno. Kwawo n'kuno, kwathu n'kuno, koma dothi n'la kampani. Lestina ali kwa amuna ake ku Khwethemule, kamunda ngati mphasa, ana asanu. Kumeneko munthu sungapiteko ndi katundu.

Lachisanu, 19 Juni

Yatha.

Ndatsuka, ndapaka mafuta, ndasuzumira kumwamba. M'kati ngati madzi a pakasupe. Zaka zonsezi sindinamuonepo choncho. Ndinakondwa. Ndikulemba kuti ndinakondwa, chitsiru ine.

Mawa kuyesa. Akuti abwerenso a Yesaya, mlonda wapageti la fakitale, uja anafika folomu thu. Akuti angoonerera.

Loweruka, 20 Juni

Chivindikiro cha ndowa anachikhomera pa bulugamu. Mapazi makumi awiri.

A Cuthbert anayamba. Zipolopolo zinayi m'chivindikiro. Anavina pang'ono, munthu wamkulu. Kenako anapatsa a Yesaya, aja ongoonerera. Munthu woti chaka chatha analephera kulasa ngakhale mgolo. Zisanu. Chitsulo kulira ngwe, ngwe, ngwe.

Kenako ine.

Zonse zisanu ndi chimodzi. Chivindikiro chete, osalira n'kamodzi komwe.

Tinapita kukaona. Mabowo onse ali pakhungwa la mtengo, kumanja, pamodzimodzi ngati mazira a nkhunda. Chikhatho chimodzi kuchokera m'mphepete. A Cuthbert anawerama, kuwerenga ndi chala. "Madala, dzanja lotere sindinalionepo. Zonse malo amodzi! Kungoti si malo ake."

A Yesaya anayang'ana nsapato zawo. Sanaseke. Bola akanaseka.

Lachinayi, 25 Juni

Masiku anayi osalemba. Ndilembe chiyani.

Ndinakapempha kuyesanso. Anandipatsa zina zisanu ndi chimodzi, mwachisoni. Ndinapita ndekha. Ndinadziuza mokweza, Namakhwa, loza pakati. Diso pakati. Mpweya ndagwira. Koma chala chikangoyamba kukoka, dzanja lija lokha tsee, kumanja. Silindifunsa. Lili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi zake.

Chimodzi chokha chinakhudza m'mphepete.

Ndinayesa kuloza kumanzere kuti ndilinamize. Linazindikira. Chinapita m'dothi.

Pobwerera ndinadzera kugalaja. A Malizani anati, "Phala latsala, alamu, bwerani tikupakeni pamkonopo." Ataona nkhope yanga anasiya. Anandigawira chinangwa chootcha. Tinadya ngati pamaliro.

Mfuti anaichiza m'masiku asanu ndi limodzi. Munthu alibe phala lake.

Lachinayi, 2 Julaye

Galu wachiwewe kumalaini akumunsi, dzuwa lili paliwombo. Ndinamva azimayi akukuwa. Ndinadzuka, ndinavala nsapato, ndinamanga lamba. Mapazi aja akubwera, akubwera, anadutsa pakhomo panga osaima. Kugeti la fakitale.

Pajatu Namanzere kuyambira Lolemba amagona kugeti.

Ndinaima pakhonde, lamba wopanda kanthu ali m'chiuno. Kulira kumodzi kokha. Kenako nthungululu.

Amake Lestina anabwera kudzandimasula lambayo okha. Sananene kuti ndinakuuzani. Anangoti, "Khalani pansi, abambo ake Lestina, mawondo aja."

Lachiwiri, 7 Julaye

Kalata. Anandiwerengera okha a Cuthbert, m'Chichewa chawo chakumpoto chija. Kampani ikuthokoza. Kupuma kumapeto a mwezi. Nyumba ibwezedwe tsiku lomwelo, ilowa banja la a Yesaya. Lole ya esiteti idzatinyamula ulere.

Akuti analembera akuluakulu kawiri kundipempherera. Ayankha kuti chifukwa chondisungira chija palibenso. Ndikukhulupirira kuti analembadi. Maso awo anali ofiira. Anandifunsa ngati ndawakwiyira. Ndinati ayi bwana, mfuti yachira.

Ndikwiyire ndani? Iwo anafuna chinthu chowongoka. Ine ndinachiwongola.

Lamulungu, 19 Julaye

Kutchalitchi sitinapite. Amake Lestina akuzula chinangwa chakuseri, chosakhwima, timizu ngati zala. Akuti sangasiyire munthu. Nandolo yekha ndiye wakanika, ali m'maluwa. Adzadya a Jean, akazi a Yesaya. Anabwera dzulo kudzayeza zenera ndi chingwe, akupepesa pakhomo katatu konse.

A Yesaya nawo anabwera ndi Namanzere, chipewa m'manja. "Bambo, mundiphunzitseko kusamala kwake." Ndinawaphunzitsa zonse. Mafuta pang'ono, osati ambiri. Nyengo ya chiperoni kupukuta tsiku lililonse. Osamusiya m'chikopa chonyowa. Anandipatsa kuti ndiwaonetse. Kulemera komwe kuja, chigwiriro chomwe chija chodyeka mbali ya chala changa. Koma ngati ndagwira mlendo.

Kwa Lestina tinatumiza mawu. Yankho silinabwere.

Lachinayi, 30 Julaye

Ndinapita kumanda kukalimira pa bambo ndi mayi. Ndinawauza kuti ntchito sindinaononge. Sindikudziwa ngati zimenezo n'zodyeka.

Pobwerera ndinadzera pa bulugamu uja. Chivindikiro anachotsa. Mabowo anga alipo, utomoni wofiira ukutuluka. Ndinaika chikhatho, onse anabisika. Kuwombera kwabwino kuposa konse kumene ndinawomberapo moyo wanga wonse.

Lachisanu, 31 Julaye

Katundu yense panja. Mphasa ziwiri, mtondo, mipando itatu, nkhuku m'dengu, thumba la chinangwa chija. Wochepa chonchi, eti. A Malizani atithandiza kukweza, nthabwala lero alibe. Kiyi ndapereka kwa a Jean.

Amake Lestina akwera kale kumbuyo, akhalira mtondo, akuyang'ana nandolo wawo.

Ndikulembera pabondo, kutsogolo kwa lole. Injini ikulira. Dalaivala wandifunsa kachiwiri tsopano: "Madala, pamphambano paja tikhotere kuti, kumanja kapena kumanzere?"

Ndamuuza adikire ndimalize kulemba. Ndikulemba pang'onopang'ono