Achimwene Ankatumizadi, Amayi

Amayi, kodi kumeneko mukupeza bwanji? Ife kuno ku Kabudula tilipo. Apongozi anu, akazi a achimwene a Lyson, achira mwana wamkazi, mphuno yake yanu yomwe. Mtedza wachita bwino chaka chino, koma fodya anamenyedwa ndi matalala.

Chandilembetsa kalatayi ndi china, ndipo mpaka pano thupi langa silinabwerere m'malo.

Mukukumbukira m'mene achimwene anachotsedwera ntchito pa kachipatala kaja? Ankawanena kuti satumiza ku Lilongwe uthenga woitanitsa mankhwala, mpaka mankhwala anatha. Iwo ankalumbira kuti amatumiza. Anabwera anthu kudzaona kompyuta, nati ili bwinobwino. Inu munangoti, "Lyson, ulesi ndiye sindinakuphunzitse," ndipo munatisiya mtima wanu uli choncho.

Mwezi watha kuntchito kwathu kokonza makompyuta anandituma kukaona kompyuta yomweyo, chifukwa amene analowa m'malo mwa achimwene nayenso anayamba kunenedwa. M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kotumiza uthenga pa netiweki, ndiye pali pulogalamu yotchedwa dirayiva yomwe imayenera kunena kachipangizoko kakalephera. Nditawerenga m'mene dirayivayo inalembedwera, ndinapeza kuti imakafufuza zolakwika pamalo ena, pomwe sipalembedwa kanthu. Ndinasintha mizere yochepa chabe n'kuyatsanso. Amayi, zolakwika zinakhuthuka pa sikirini ngati linthumbu! Kachipangizoko kanaonongeka kalekale, mwina ndi mphenzi, ndipo kamadula uthenga panjira kompyuta ili duu.

Paja munkati, "Tamandani, ukakonza chinthu usachoke usanachiyese." Ndinaika kachipangizo katsopano, tinatumiza, ndipo a ku Lilongwe anaimba foni kuti uthenga wafika.

Kuchokera pamenepo ndinalunjika kudimba, kumene ndinapeza achimwene akuthirira matimati. Nditawafotokozera, anatula kheni pansi n'kundifunsa kuti:

"Ndiye ndinkatumizadi, eti?"

Apo mpamene ndinadzidzimuka koposa. Zaka zonsezi munthu wamkulu uja anafika pomadzikayikira yekha, kumaganiza kuti mwina mutu wake ndi umene unkamunamiza. Anakhala pa mzere, napukuta nkhope ndi chipewa, kenako anati, "Nanga amayi awauza ndani?"

N'chifukwa chake ndakulemberani. Mwana wanu sanali waulesi, Amayi. Akuluakulu a zaumoyo ndawatumizira umboni wonse, ndipo kukonza kwangako ndakupereka kwa amene amasamalira dirayivayo kuti akakonzerenso makompyuta ena. Ngati achimwene ntchito adzawabwezera sindikudziwa, ndipo iwo akuti za ntchito alibe nazo kanthu. Angopempha kuti Loweruka tibwere kudzalambula pamanda panu, akufuna akuuzeni okha.

Ndikukulonjezani kuti sindipuma mpaka dzina lawo litayeretsedwa poyera, monga linadetsedwera poyera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tamandani