Kagalu Koimba Kagona

Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko. Ife tilipo, kungoti tinatsala pang'ono kugontha ndi kagalu ka mabatire kamene munatumizira mwana wanuyu. Kuimba kosapuma! Aneba anachita kufunsa ngati tatsegula tchalitchi.

Mukudziwa kuti mwanayu akukwanitsa zaka zitatu asanatchulepo liwu ndi limodzi lomwe, ntchito kuyang'anitsitsa makatuni pafoni. Anesi a kusikelo anati ndimulande foniyo, ndizicheza naye ndekha. Ndinamulanda, analira mpaka mawu kusasa.

Dzana mabatire a kagaluko anatha. Mwanayu anakagwedeza, iko kali zii. Ndiye anandipeza ndikuchapa, n'kundikoka siketi, amvekere: "Mama, wagona." Achemwali, ndinangokhala pansi m'thovu momwemo!

Mawu anu aja, akuti ndinabereka chidole, ndikuwasungabe. Musaganize kuti kagalu kawafufuta. Zoyeza makutu zija akuti tipitenso kuchipatala, koma zimenezo tidzakamba pamaso.

Mabatire ena sindigula. Mukafuna kumugulira china, musankhe chosalankhula, wolankhula akhale iyeyo. Mudzaimbe foni Lamlungu, mwina adzakupatsani moni yekha.

Ndine mng'ono wanu wamakani uja.